Mpikisano wa Triathlon ndi Ife a Kumapiri

Anzanga ambiri pano pa sukulu adziwa mpira ndi mjaho, koma ndi ocepa amene anamvapo za mpikisano umene dzina lace ndi triathlon. Uli ndi zigawo zitatu zotsatana popanda kupumula. Munthu ayamba ndi kusambira, akaturuka m'madzi akwera njinga, ndipo akatsika pa njingapo athamanga kufikira mapeto. Ngakhale nthawi yobvala nsapato iwerengedwa. Mpikisanowu unayamba ku San Diego m'dziko la America m'caka ca 1974, ndipo m'caka ca 2000 unalowa m'masewera a Olympic ku Sydney. Pa Olympic amasambira kilomita 1.5, apalasa njinga makilomita 40, nathamanga makilomita 10. Oyamba kumene amacita theka la zimenezi. Ulipo wina woopsa, Ironman, umene unayamba ku Hawaii mu 1978, wa makilomita 180 pa njinga ndi 42 pa miyendo, koma umenewo tiusiyire eni ace.

Kodi mnyamata kapena mtsikana wa ku Dowa kapena ku Ntchisi angathe kuucita? Pa njinga ndi pa miyendo sitiopa munthu. Iye amene anapalasapo njinga atamanga thumba la cimanga pa kaliyala kupita nalo ku Mponela adziwa kale cikweza ndi mtsetse. Koma madzi okwanira kusambiramo mtunda wotere ali ku Nyanja, ku Salima kapena ku Nkhotakota, ndipo pamenepa ndipo pagona nkhani yonse. Ife tikhala pamwamba, mamita opitirira 1,200 kucokera pa nyanja ya mcere, pamene Nyanja ya Malawi siifika ndi pa mamita 500 pomwe. Mpweya umazizira ndi madigri ngati 6 pa mamita 1,000 ali onse amene munthu akwera, ndipo umatentha comweco potsika. Amene munayendapo pa mseu wa ku Salima mudziwa kuti munthu akangopitirira Mvera ayamba kubvula juzi.

Ena amanena kuti ife a kumapiri tiri ndi mwai monga akatswiri a ku Iten m'dziko la Kenya. Tisadzinyenge. Iten ali pa mamita ngati 2,400, ndipo mapiri athu safikako. Zitunda zathu zilimbitsa miyendo, inde, koma siziphunzitsa thupi kupirira kutentha.

Tiyeni tione cimene kutentha kumacita. Munthu akamathamanga, mphamvu yambiri ya cakudya isanduka moto m'thupi mwace, ndipo cimene cizimitsa motowo ndi thukuta pamene liuma pa khungu. Thukuta longoyenderera pansi silithandiza kanthu. Kumene mpweya uli wotentha ndi wa cinyontho, thukuta siliuma msanga. Tsono magazi agawikana, ena apita ku minofu yogwira nchito, ena apita ku khungu kukataya moto, ndipo mtima uyenera kugunda msanga kuti ukwanitse zonse ziwiri. Munthu akaumirirabe, mutu usokonezeka. Zinacitika ku Cozumel m'dziko la Mexico mu September 2016. Jonny Brownlee wa ku England anali patsogolo pa onse, mapeto ali pafupi, koma anayamba kudzandira ngati woledzera. Henri Schoeman wa ku South Africa anampitirira napambana. Mkulu wace wa Jonny, Alistair, anamkoleka mkono pa phewa namkokera kufikira pa mzere. Ameneyu anali munthu wokhala ndi mamendulo a Olympic, wosamalidwa ndi madokotala. Nanga ife otsika ku Dowa mwezi wa October?

Mwai ndi wakuti thupi limaphunzira. Likakhala m'malo otentha ndi kugwira nchito pang'ono tsiku ndi tsiku, pa masiku 10 kufikira 14 lisintha. Thukuta liyamba kuturuka msanga, likhala la mcere wocepa, madzi a m'magazi acuruka, ndipo mtima ucepetsa liwiro. Cifukwa cace amene ali ndi abale ku Nyanja acite bwino kukakhala nao masabata awiri pa holide. Masiku oyamba athamange pang'ono m'mawa, ndi kuonjezera pang'ono pang'ono. Amene alibe kofikira ayese kuthamanga mopepuka masana kuno kwathu atabvala malaya awiri, osapitirira ora limodzi, ndipo akhale ndi mnzace. Coipa koposa ndi kutsika Lacisanu madzulo ndi kupikisana Loweruka m'mawa.

Pa ora limodzi lokha munthu atha kutaya thukuta lokwana lita imodzi kapena kuposa, pamodzi ndi mcere. Mangani botolo pa njinga, pakuti pa njinga ndi pamene mungamwe bwino. Mu lita imodzi ya madzi abwino thirani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere. Imwani pang'ono kawirikawiri monga mwa ludzu lanu. Kudzaza mimba ndi madzi okhaokha ocuruka nakonso kudwalitsa, cifukwa mcere wa m'magazi usukuluka. Mukaona mnzanu ali kudzandira kapena kulankhula zosamveka, musamlimbikitse kuti apitirire. Mgonekeni pa mthunzi, mthireni madzi ozizira thupi lonse nthawi yomweyo, ndipo mtengereni ku cipatala.

Kusambira ndiko kudzatibvuta ife koposa. Kubvundula madzi pa dziwe la mu mtsinje si kusambira mamita 750. Pezani wodziwa akuphunzitseni kupuma bwino, ndipo sambirani motsata gombe m'madzi olekeza m'cifuwa, osati kulunjika pakati. Musasambire nokha konse. Kuyambira May kufikira August mwera uomba kucokera ku mwera komweko ndi kuutsa mafunde akuru, ndipo asodzi ndiwo adziwa tsiku labwino ndi loipa, tsono afunseni mwaulemu. Iwo adzakuuzaninso kuti mupewe mabango ndi mathiriro a mitsinje monga Linthipe ndi Bua, kumene kukhala ng'ona ndi mvuu. M'madzi a m'mphepete mupezekanso nkhono zofalitsa likodzo. Mankhwala ace alipo, praziquantel, cotero mukabwerako kauzeni a cipatala kuti munasambira m'Nyanja. Gonani m'neti usiku uli wonse, ndipo thupi likatentha patapita sabata kapena awiri, kayezetseni malungo tsiku lomwelo.

Cinanso cimene ndinaciona ndekha ndi ici. Tsiku lina ndinapalasa njinga makilomita 20, ndinatsika ndi kuyamba kuthamanga, koma miyendo inali ngati ya munthu wina, ndipo ana oweta mbuzi anandiseka kwambiri. Minofu ifuna kuzolowera kusinthaku. Kamodzi pa sabata tsikani pa njinga ndi kuthamanga mphindi khumi nthawi yomweyo.

Za ulendo nazo nzofunika. Njinga yomangidwa pamwamba pa minibasi pamodzi ndi matumba a mbatata kawirikawiri ifika ndi masipoko opindika. Cotsani tayala la kutsogolo, kulungani cheni ndi masaka, ndipo imani pomwepo pamene ali kumanga. Tengani pampu, chubu cina, zigamba ndi sipanala. Musaiwale cipewa colimba ca pa njinga, pakuti malamulo a mpikisanowu salola munthu kukwera wopanda ico. Mukafika yendani mu mseu umene mudzapikisanamo, muone pamene pali mcenga ndi maenje, ndi pamene palibe mthunzi. Dzulo lace la mpikisano idyani nsima ndi ndiwo zimene mimba yanu izolowera. Cambo cokazinga cija mudzaciona pa Senga Bay cidikire kufikira mutamaliza.