Zomera za m'Mphepete mwa Mtsinje ndi Ntchito Yake

Mtsinje wathanzi umakhala ndi mitengo, bango, nsungwi ndi udzu m'magombe ake onse awiri. Mizu ya mikuyu, mibawa ndi katope imagwira dothi kuti gombe lisagumuke madzi akasefukira. Udzu, makamaka vetiva, umachepetsa liwiro la madzi ochokera m'minda, motero dothi, feteleza ndi mankhwala ophera tizilombo zimatsalira kumtunda osalowa mumtsinje. Mthunzi umaziziritsa madzi, ndipo masamba oyoyoka amadyetsa tizilombo timene nsomba zimadya.

Zomerazi zikatha, mavuto ake amakaonekera kutali. Matope ochokera m'mitsinje yothira mu Shire amadzaza dziwe la ku Nkula, ndipo kampani yopanga magetsi ya EGENCO imalowetsa ndalama zambiri powachotsa kuti magetsi asachepe. Feteleza wokokoloka amanenepetsa namasupuni, amene amatseka njira za madzi opita ku makina opangira magetsi. Mpasa, nsomba imene imachoka m'nyanja ya Malawi nyengo ya mvula n'kukwera mitsinje monga Bua kukaikira mazira pa timiyala, imasowa poswanira matope akakwirira timiyalato.

Nkhani yovuta ndi ya madimba. M'chilimwe chinyezi chimatsala m'mphepete mwa mtsinje, choncho mlimi amalima mpaka pagombe penipeni, ndipo n'kovuta kumudzudzula pamene banja lake likudalira ndiwo zamasamba ndi chimanga cha mondokwa cha m'dimbamo. N'chifukwa chake malo otetezedwa a m'mphepete mwa mtsinje amakhalitsa akabzalidwa zomera zopindulitsa mlimiyo: nsungwi zolukira malichero ndi madengu, nsenjere zodyetsa ziweto, komanso mitengo ya zipatso. Pamalo otsetsereka, pomwe madzi amathamanga kwambiri, mzere wa zomerawu umafunika kutambalala kuposa pachidikha.