Za Kusukuluka kwa Mankhwala m'Mbale Yoyesera

Mankhwala a malungo ali chiphe ndithu, koma chiphe cholinga kachilombo, osati munthu. Tsono mphamvu yake iyenera kuyesedwa asanaperekedwe kwa ana a ku Ndirande, Bangwe kapena Machinjiri, ndiponso pamene makolo ayamba kudandaula kuti sakuchizanso. Njira imodzi ndiyo kulera tizilombo ta malungo m'mbale, kutithira mankhwalawo, ndi kuwerenga timene tapulumuka.

Luso limeneli analipeza William Trager ndi James Jensen ku New York m'chaka cha 1976. Iwo anaika maselo ofiira a magazi a munthu mumsuzi wotchedwa RPMI 1640, umene uli ndi shuga, mchere ndi mavitamini, nathiramo madzi a m'magazi, nausunga pofunda madigiri 37 monga thupi la munthu. Pakuti kachilomboka sikakondwa ndi mpweya wa okosijeni wochuluka, ankaika mbalezo mumtsuko wotseka pamodzi ndi kandulo yoyaka kufikira itazima yokha. Kachilomboka katenga maola 48 kuti kalowe m'selo, kakule, kaswane ndi kuliphulitsa. Chifukwa chake mayeso atha masiku awiri kapena atatu.

Apa mpamene pagona vuto. Woyesa adziwa muyeso umene anathira tsiku loyamba, koma kodi ndi womwewo umene ulimo tsiku lachiwiri?  Mayi amene analandira klorini wothira m'madzi pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 adziwa kuti klorini wosiyidwa padzuwa m'botolo losatseka ataya fungo ndi mphamvu yomwe. Msuzi wofunda uja uchita chimodzimodzi ndi mankhwala ena. Ena amasweka okha nasanduka zinthu zopanda ululu; ena amamatira ku khoma la mbale yapulasitiki; ena agwidwa ndi mapuloteni a m'madzi a magazi, kotero kuti alimo koma sangafike pa kachilombo. Pamenepo tizilombo tipulumuka, ndipo woyesa wosasamala alemba kuti tapima, sitikumvanso mankhwala, chikhalirecho chiphe chinatha chokha nkhondo isanayambe. Kulakwa kotere sikuli kwapang'ono, pakuti kungataitse dziko mankhwala abwino.

Klorokwini savuta motere. Akhalitsa mumsuzi osasukuluka, ndipo chimene mbale inena za iye chikhulupirika. Malawi anamsiya m'chaka cha 1993 pamene tizilombo tinapimadi, natenga SP, ndipo ndilo linali dziko loyamba mu Africa kuchita zimenezo. Patapita zaka, tizilombo totengedwa m'magazi a anthu a ku Blantyre tinayambanso kufa ndi klorokwini m'mbale. Koma mbale siili mwana. Motero m'chaka cha 2005, pa chipatala cha Ndirande, Miriam Laufer ndi anzake anayesa ana 210 odwala malungo, ena pa klorokwini, ena pa SP. Klorokwini anachiza 99 pa 100 alionse, pamene SP anachiza 21 okha. Mbale inali itanena zoona. (Mphunzitsi asathamangire kuuza makolo kuti abwerere kwa klorokwini; boma silinatero, poopa kuti tizilombo topima tingabwerenso kuchokera m'maiko oyandikana.)

Mankhwala amene Malawi anatenga m'chaka cha 2007, otchedwa LA, ali ndi khalidwe lina. Muli mitundu iwiri, ndipo uliwonse uli ndi vuto lake m'mbale. Lumefantrine sasungunuka bwino m'madzi, nagwidwa kwambiri ndi mapuloteni. Artemether, wochokera ku chitsamba cha ku China chimene Tu Youyou anachifufuza, asanduka m'thupi kukhala dihydroartemisinin. Ameneyu apha msanga kuposa onse, koma mumsuzi wofunda asweka patangopita maola owerengeka, ndipo m'thupi atha msanga koposa.

Pamene odwala a ku Cambodia anayamba kuchedwa kuchira, mayeso akale a maola 48 sanaonetse kusiyana kwenikweni. Anafunika mayeso olingana ndi moyo waufupi wa mankhwalawo, ndipo analengezedwa m'chaka cha 2013. Woyesa asankha tizilombo tating'ono timene tangolowa kumene m'maselo, atithira mankhwala osungunula chatsopano kwa maola 6 okha, atsuka maselowo, nawabwezera mumsuzi wopanda mankhwala. Pakukwana maola 72 apaka dontho pagalasi, nawerenga ndi maikulosikopu timene tikali ndi moyo.