Makadi Awiri m'Bokosi Limodzi: Kutentha kwa Kompyuta

Lero tikambirana za kutentha ndi mphepo, ndipo phunziro lathu tilitenga m'komboni ya Marapodi, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka. Dzina limeneli linachokera kwa Mtaliyana wina, Marrapodi, amene kalekale ankaotcha miyala ya laimu. Iyeyo moto ankaufuna. Koma kwa mnyamata amene lero ali ndi kashopu kokonzeramo mavidiyo a maukwati, kutentha ndiye mdani.

M'kati mwa kompyuta yake muli chipangizo chotchedwa khadi la zithunzi. Ntchito yake ndi kuwerengera timadontho tonse timene timapanga chithunzi pa galasi. Ena amaika makadi awiri kuti ntchito ifulumire. Kampani ya Nvidia inatulutsa njira yake yolumikizira makadi awiri mu 2004, ndipo ya ATI inatsatira mu 2005. Osewera magemu ambiri anaisiya njirayi, komabe opanga zithunzi zoyenda akali kuika makadi awiri.

Tsono tamverani. Khadi lotchedwa RTX 3090, la mu 2020, limadya mawati 350. Awiri ndi mawati 700, kutsala pang'ono kufanana ndi mbale imodzi ya chitofu chamagetsi. Magetsi onsewo amasanduka kutentha, m'bokosi losafika n'komwe m'chiuno mwa mwana wa Giredi 5.

Kodi khadi limadziziziritsa bwanji? Timipope ta mkuwa, chitsulo chomwe chija chimakumbidwa ku Copperbelt, timanyamula kutentha kupita nako pa timasamba topyapyala ta aluminiyamu. Pamenepo mafani amakupiza mphepo, monga amachitira amayi pokupiza mbaula. Kusiyana kwake n'kwakuti amayi afuna makala ayake, fani ifuna chitsulo chizizire.

Vuto lagona pa kuyandikana. Mipata yolowetsamo makadi inatalikirana masentimita 2 okha, ndipo khadi limodzi limatenga mipata iwiri kapena itatu. Mukawaika moyandikana, mafani a khadi lapamwamba amayang'ana pamsana pa lapansi, mpata wake wosalowa ngakhale chala. Lapansi limapuma bwino. Lapamwamba limabanika, ndipo kamphepo komwe likupezako n'kotenthedwa kale ndi linzake. Likafika cha pa madigiri 83, limayamba kuchepetsa lokha liwiro kuti lisapse. Mwini wake analipira makadi awiri, koma ntchito ikutuluka yoperewera, vidiyo ya ukwati siikutha, ndipo akuchimuna abwera kale kawiri kudzafunsa.

Kwathu kuno zinthu zitatu zimaonjezera vutoli. Mu Okutobala kunja kumapitirira madigiri 30, ndipo pansi pa denga la malata kumaposa pamenepo. Kuyambira Ogasiti mphepo imauluza fumbi, limene limatseka timasamba tija monga phulusa limatsekera maboowo a mbaula. Chachitatu ambiri sachidziwa: Lusaka ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, kumene mpweya ndi wopepuka, ndipo sunyamula kutentha kofanana ndi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere.

Mankhwala oyamba, amenenso ine ndimawaona oposa onse, ndiwo mpata. Siyani malo opanda kanthu pakati pa makadiwo. Kenaka mangani fani kutsogolo kwa bokosi, yoloza pakati pomwepo, ndi ina kumbuyo kapena pamwamba yotulutsa mpweya wotentha. Mphepo iyenera kukhala ndi khomo lolowera ndi lotulukira. Ngati mpata palibe, ndi bwino kusankha makadi a fani imodzi yonga ng'oma, amene amatayira kutentha kunja kudzera kumbuyo. Amasokosa ndithu, koma satenthetsana. Akuluakulu odziwa amachepetsanso magetsi opita ku khadi. Liwiro limatsika pang'ono, kutentha kumatsika kwambiri.

Za fumbi ndi zachidule. Kompyuta isakhale pansi, ikhale patebulo. Poiyeretsa muyambe mwazula nthambo ya magetsi, ndipo madzi asayandikire. Kuifundika chitenje n'kwabwino ikazimitsidwa, koma osati ikuyaka. Ana inu, bokosi musatsegule nokha.

Aphunzitsi, konzani makapu anayi achitsulo ofanana, ndipo muthiremo nokha madzi otentha. Awiri muwagundanitse, muwavundikire ndi katoni. Awiri enawo muwatalikitse, ndipo mwana mmodzi aziwakupiza ndi chikuto cha kope. Pakapita mphindi 10, ana akhudze kunja kwa makapuwo mosamala, nalembe m'makope mwawo amene azizira msanga, ndi chifukwa chake.