EGR: kachitsulo konamiziridwa m'magaraji a m'komboni

Galimoto zambiri zoyenda m'misewu ya Kanyama, Matero ndi Chawama mu Lusaka zinayambira moyo wake ku Japan. Zina zimatsika m'sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde, zina ku Durban n'kudzera pa Chirundu, zitayenda kale mitunda yambirimbiri m'manja mwa eni ake oyamba. Zimabwera ndi wailesi yolankhula Chijapani, komanso ndi kachipangizo kamene eni galimoto ambiri sakadziwa mpaka tsiku limene nyale yachikasu ya injini yayaka kutsogolo kwa chiwongolero. Amakanika amangoti EGR.

Ntchito yake imadabwitsa ukaimva koyamba: kutapa utsi wina umene watuluka kale mu injini n'kuubwezera kumene kumalowera mpweya. Mu mpweya umene timapuma, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitrojeni, ndipo 21 ndi okosijeni. Ziwirizi zimakhala pamodzi popanda vuto, koma moto wa mu silinda ukapitirira madigiri pafupifupi 1,370, zimaphatikizana n'kupanga mpweya woipa wotchedwa NOx, umene umapweteka mapapo ndi kudzutsa mphumu. Utsi wobwezedwa uja uli ndi okosijeni wochepa, choncho umangodzaza malo n'kuchepetsa ukali wa moto. Njirayi inayamba kuikidwa m'galimoto za ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Injini ya petulo imabweza utsi wapang'ono, magawo 5 mpaka 15 pa 100, pamene ya dizilo nthawi zina imafika pafupi ndi theka.

Vuto n'lakuti utsi subwerera wokha. Umabwera ndi mwaye. Mwayewo ukakumana ndi nthunzi ya oyilo yochokera m'mimba mwa injini, pamapangika phala lakuda lomata, limene limauma pang'onopang'ono m'mapaipi. Makanika akamasula valavu ya EGR ya Hilux kapena Hiace ya injini ya 1KD kapena 2KD imene sinatsukidwepo, amapeza kamwa la manifodi, paipi yolowetsa mpweya mu injini, litachepa moti chala chimalowa movutikira, ndipo amachita kupala ndi sikuludiraiva ngati nkhoko za m'poto wa nsima.

Kayendedwe ka mu Lusaka kamathandizira zimenezi. Minibasi imaima pa Kulima Tower kapena pa City Market injini ikulira, kudikira kuti idzaze, kenako n'kukakwawa mumzere wa galimoto pa Lumumba Road. Injini yotere siipeza mpata wothamanga mtunda wautali itatentha bwino. Onjezanipo fumbi la mwezi wa Okutobala m'misewu ya m'komboni, limene limatseka sefa ya mpweya n'kuchititsa dizilo kupsa mosakwanira. Palinso mbiri ya mafuta enieniwo. Kwa zaka zambiri dizilo woyengedwa ku Indeni ku Ndola anali ndi salufa wochuluka kwambiri kuposa amene injini za ku Japan zinapangidwira, ndipo salufa akakumana ndi chinyezi cha mu utsi amapanga asidi wodya zitsulo. Zinthu zinasintha mu 2023 pamene paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam, inayamba kubweretsa dizilo woyenga kale wa salufa wochepa. Koma galimoto zimene zinamwa dizilo wakale uja zikadali pamsewu.

Valavu imakakamira m'njira ziwiri, ndipo zizindikiro zake n'zosiyana. Ikakakamira yotsegula, utsi umalowa ngakhale pa nthawi imene sukufunika: injini imanjenjemera galimoto ikaima, imazima pa maloboti, imavuta kulira m'mawa, ndipo ya dizilo imafuka utsi wakuda munthu akaponda mafuta. Ikakakamira yotseka, kapena njira yake ikatsekeka ndi mwaye, injini ya petulo imayamba kugogoda ngati muli timiyala ikamakwera chitunda itasenza. Ya dizilo ingaoneke ngati ili bwinobwino, koma nyale imayaka, ndipo pa galimoto zina kompyuta imachepetsa dala mphamvu pofuna kuteteza injini.

Dalaivala safika pagaraji ndi mawu onsewa. Iye amangoti, "Ba mudala, motoka ilibe mphamvu, idya maningi mafuta." Ndipo dandaulo limeneli lingachokere kwina konse: mapulagi otha, koyilo yofooka, manozo odontha, sefa ya mafuta, kapena paipi yong'ambika imene ikuba mpweya.

Apa ndi pamene pamalowera kamakina kowerenga zolakwika, kamene masiku ano achinyamata ambiri a ku Kalingalinga ndi ku Mtendere amayenda nako m'chikwama, kena kolumikiza ku foni. Amakalowetsa pa soketi ya mabowo 16 imene ili kunsi kwa chiwongolero, imene lamulo la ku America linakakamiza opanga galimoto kuika kuyambira mu 1996 ndipo inafalikira kulikonse. Manambala okhudza EGR amayambira pa P0400. P0401 imatanthauza kuti utsi wodutsa ndi wochepa, P0402 kuti wachuluka, P0403 kuti vuto lili ku mawaya kapena ku magetsi oyendetsa valavu, P0404 kuti valavu sikufika pamene kompyuta yailamula. Palibe nambala ngakhale imodzi imene imati gulani valavu yatsopano. Komabe eni galimoto ambiri, akangoona zilembo zitatuzo pa sikirini, amathamangira ku mashopu a masipeya a mu Panganani Road, kapena kukagula valavu yochotsa ku galimoto ina imene nayonso mwina ili ndi mwaye wake. Aika, nyale yazima, pakapita masiku ochepa yayakanso, chifukwa chotsekeka si valavu koma njira ya kuseri kwake.

Kuyeza koyenera sikufuna zida zodula. Pa galimoto zakale valavu imakokedwa ndi vakyumu kudzera m'timapaipi ta labala, ndipo timapaipi timeneti ndi toyamba kuyang'ana, poti timauma ndi kutentha n'kung'ambika kunsonga. Tikakhala tabwino, makanika amadikira injini ya petulo itenthe, n'kuchotsa kapaipi kopita ku valavu, n'kulumikiza kapampu kamanja. Akapopa, valavu iyenera kutseguka ndipo injini iyenera kutsamwa kapena kuzimiratu. Ikatsamwa, ndiye kuti valavu ndi njira zake zili bwino, vuto lili ku solenoidi kapena ku mawaya. Valavu ikapanda kusuntha, kapena vakyumu ikamathawa, ndiye kuti yakakamira kapena kachikopa ka m'kati kabooka. Koma ikasuntha injini osasintha kalikonse, mlandu uli ndi mwaye wa m'njira. Kuyeza konseku sikutha ndi mphindi khumi zomwe.

Pa galimoto zatsopano valavu imayenda ndi kamota ka magetsi. Makina abwino owerenga zolakwika amatha kuilamula kuti itseguke, n'kuonetsa manambala awiri: pamene yauzidwa kufika ndi pamene yafikadi. Pa injini ya dizilo pali umboni winanso. Valavu ikatseguka, mpweya watsopano wodutsa pa sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa, uyenera kutsika, popeza utsi watenga malo ake. Nambala ikapanda kutsika, utsi sukudutsa. Komanso sensa ya MAF yodetsedwa ndi fumbi imatha kunamiza kompyuta n'kutulutsa nambala ya EGR pamene valavu ilibe mlandu.

Chimene chimadyetsa anthu ndalama zambiri ndi kula, kabokosi ka timapaipi ting'onoting'ono kamene kamaziziritsa utsi ndi madzi a rediyeta. Ikabooka, madzi amatha osaoneka podonthera, ku ekizozi kumatuluka utsi woyera, ndipo aliyense amaganiza za gasiketi ya hedi. Makanika wanzeru amayamba wayeza kula payokha asanamasule hedi. Eni Prius ya m'badwo wachitatu, yopangidwa kuyambira 2009 mpaka 2015, ayenera kusamala kwambiri: kula yake imadziwika ndi kutsekeka, ndipo amakanika ambiri amaona kuti ikanyalanyazidwa, gasiketi imatsatira.

Kutsuka kumafuna kudekha. Mankhwala otsukira kabuleta ndi kaburashi zimakwana, bola mbali ya magetsi isanyowe. Manifodi ndi bwino kuimasula n'kutsukira pansi, chifukwa zidutswa za mwaye wouma zikagwera mu silinda zimabala vuto lina. Pobwezera pafunika gasiketi yatsopano, kufufuta nambala ija, n'kuyenda nayo galimoto mtunda ndithu kuti kompyuta iyesenso.

Koma si onse amene amatsuka. M'magaraji ambiri, kuyambira ku George mpaka ku Chawama, yankho lachangu ndi kudula kachidutswa ka lata n'kukatsekera pakamwa pa valavu. Tisaname, injini ya dizilo nthawi zambiri imayenda bwino ikatsekedwa chonchi, ndipo dalaivala amene bwana akumudikira ndi ndalama za tsikulo sangaimbidwe mlandu waukulu. Koma NOx imakwera, ndipo amene amaipuma ndi amayi ogulitsa tomato m'mphepete mwa Los Angeles Road ndi kondakitala wopachikika pakhomo tsiku lonse. Mpweya womwewu ndi umene unagwetsa Volkswagen m'mavuto mu 2015, kampaniyo itavomera kuti galimoto zake za dizilo pafupifupi 11 miliyoni zinali ndi pulogalamu yonamiza oyeza utsi. Pa injini ya petulo kutseka kumaitananso kugogoda, kumene kumawononga mapisitoni. Ndipo nyale ikakhala yoyaka masiku onse, mwini wake sadziwa tsiku limene yayakira vuto lina lalikulu.

Kachidutswako sikachiritsanso gwero la mwaye. Valavu yotsukidwa bwino ikadzazanso pakangopita miyezi yowerengeka, pafunika kupita ndi manozo kokayezetsa, kusintha sefa ya mpweya, ndi kumasula paipi yochokera ku tebo kuti makanika aone ngati m'kati mwake muli oyilo wochuluka.