ZA LOBOTI M'CHIKEPE NDI CHINYENGO CHA KALILOLE

M'mizinda ikuluikulu ya ku America, ku Ulaya ndi ku Asia muli zipatala ndi mahotela momwe akatundu ang'onoang'ono, monga mankhwala, zofunda ndi chakudya, amanyamulidwa ndi makina oyenda okha otchedwa maloboti. Dzinali lisasokoneze woŵerenga, pakuti ku Malaŵi, ku Zambia ndi ku South Africa anthu amatchanso nyali za pamsewu ndi dzina lomweli. Mauŵa anatchuka ndi seŵero la Karel Čapek wa ku Czechoslovakia la m'chaka cha 1920, ndipo tsinde lake ndi robota, ndiyo ntchito yokakamiza imene mlimi wosauka ankagwirira mwini malo. Mcheŵa akadangoti thangata.

Nyumba zotere zimakhala zosanjikana, chotero loboti liyenera kukwera chikepe, ndicho kachipinda konyamula anthu kupita pamwamba kapena pansi. M'zaka za m'ma 1990 loboti lotchedwa HelpMate, la kampani ya Joseph Engelberger, linali kukwera zikepe m'zipatala za ku America, ndipo m'chaka cha 2014 lina la kampani ya Savioke linayamba kupereka katundu m'zipinda za alendo pa hotela ina ku Cupertino, m'dera la California. Komatu lisanaloŵe m'chikepe, loboti lifunika kudziŵa kukula kwa kachipindako, malo amene anthu aima, ndi mpata wotsala. Apa mpamene pagona vuto limene nkhani ino ilongosola.

Kuyesa mtunda ndi kuŵala

Maloboti ambiri amayesa mtunda ndi kuŵala kwa laser. Dzinali lasiyidwa monga lilili m'Chingelezi, pakuti kulilemba kuti leza kukadalisokoneza ndi Leza wa makolo, mwini uta uja wooneka m'mitambo. Laser yoyamba inayaka m'chaka cha 1960, m'manja mwa Theodore Maiman ku California. Kuŵala kwake sikumwazika monga kwa nyali ya parafini, koma kumayenda kowongoka ndi kopyapyala ngati ulusi wokoka.

Chipangizo choyesera, chotchedwa lidar, chimaponya kuŵalako pang'onopang'ono ndi kuŵerenga nthaŵi imene kwatenga kuti kugunde chinthu ndi kubwerera. Liŵiro la kuŵala ndi lodziŵika: makilomita 299,792 pa sekondi imodzi. Khoma likakhala pa mtunda wa mita imodzi ndi theka, ulendo wopita ndi wobwera ndi mamita 3, ndipo nthaŵi yake ndi magawo 10 okha mwa magawo 1,000,000,000 a sekondi. Chipangizocho chimazungulira, nichiponya kuŵala kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Muyeso uliwonse umalembedwa ngati kadontho, ndipo timadontho tonse pamodzi timajambula makoma, khomo ndi miyendo ya anthu.

Chifukwa chake kalilole amanyenga

Zonsezi zimatheka chifukwa zinthu zambiri nzokhakhala, ngakhale zioneke zosalala m'maso. Kuŵala kukagunda khoma lopaka laimu, thabwa kapena nsalu, kumamwazikira mbali zonse, ndipo kachigawo kena kamabwerera kumene kunachokera. Kalilole sachita chomwecho. Iye amanjanjitsa kuŵala konse kupita mbali imodzi, monga mpira woponyedwa chopendeka pa simenti unjanjira kutsogolo osabwerera kwa wouponya.

Tsono loboti likaima pakhomo la chikepe niliponya kuŵala chopendeka pa kalilole wa khoma la kumbuyo, kuŵalako kumapatuka, nikukagunda khoma la kukhomo kapena msana wa munthu, nikubwerera njira yokhota yomweyo. Chipangizo chaŵerenga nthaŵi molondola ndithu, sichinaname. Cholakwa chili pa chiyembekezo chake chakuti kuŵala kunayenda mowongoka ulendo wonse. Potero chimalemba kadonthoko kuseri kwa kalilole, kumene kulibe kanthu koma khoma la nyumba. Chikepe cha mamita 1.4 m'litali chimaoneka ngati cha mamita 2.8, ndipo anthu atatu amasanduka asanu ndi mmodzi. Zitsulo zopukutidwa bwino, zimene zikepe zambiri zimakutidwa nazo, zimanyenganso mwa njira yomweyi.

Zotsatira zake si zoseketsa ai. Loboti lokhulupirira kuti mpata ulipo likhoza kupitirira mpaka kugunda galasi, kapena kupanikiza munthu pakhoma. Lina limaona chithunzithunzi chake chomwe, monga tambala wolimbana ndi mnzake wa m'galasi, niliyesa kuti chikepe chadzaza. Pamenepo limangoima pakhomo, mankhwala ali m'mimba mwake, wodwala alikudikira pamwamba.

Munthu angafunse kuti, bwanji osangochotsa kalilole? Yankho nlakuti iye ali pamenepo ndi ntchito. Malamulo a ku Ulaya otchedwa EN 81-70, amene anatuluka m'chaka cha 2003, amanena za chikepe cha mamita 1.1 m'lifupi ndi 1.4 m'litali, chonyamula makilogalamu 630. M'menemo munthu woyenda pa njinga ya olumala sangathe kutembenuka. Amaloŵa chakutsogolo natuluka chambuyo, ndipo kalilole ndiye amamuonetsa zimene zili kumbuyo kwake. Chomwecho kalilole sangachotsedwe pofuna kukondweretsa makina. Makinawo ndiwo ayenera kuphunzira.

Njira zogonjetsera chinyengo

Njira yoyamba ndi kuuziratu loboti zimene anthu adziŵa kale. Chikepe chili ndi ngodya zinai ndi muyeso wosasintha, chotero kadontho kalikonse kogwa kunja kwa muyesowo kayenera kutayidwa.

Njira yachiŵiri ndi kufuna zinthu zosanyenga zoyandikana ndi kalilole, monga felemu yake, chitsulo chogwirira manja, ndi khoma la m'munsi mwake. Malamulo a ku Ulaya aja amatchula mpata wa masentimita 30 pakati pa pansi ndi kalilole wamkulu, kuti anthu osaona bwino asasokonezeke. Ndipo lidar yoikidwa m'munsi mwa msinkhu umenewo imapeza khoma lenileni. Ndiponso pamene kuŵala kwalunjika kalilole maso ndi maso, kumabwerera konse ndi mphamvu yoposa ya khoma wamba, ndipo mphamvu yadzidzidziyo ndi chizindikiro cha malo ake.

Njira yachitatu ndi kuitana mboni ina. Chipangizo chotchedwa sonar chimatulutsa mau okwera kwambiri, osamveka m'khutu la munthu, monga achitira mleme usiku. Mauŵa amayenda mamita 343 pa sekondi, ndipo popeza amatuluka motambasuka, gawo lina limagunda galasi molunjika nilibwerera. Sonar ikati khoma lili pafupi, laser niiti lili kutali, loboti limakhulupirira yonena za pafupi. Shao-Wen Yang ndi Chieh-Chih Wang a ku National Taiwan University analongosola kuphatikiza kwa zipangizo ziŵirizi m'chaka cha 2008.

Njira yachinai, imene akatswiri omwewo anaifufuzanso, ndiyo yokoma koposa, pakuti imagwira kalilole ndi khalidwe lake lomwe. Chithunzithunzi chilichonse chimakhala kuseri pa mtunda wofanana ndi wa chinthu chenicheni kumaso. Tsono makina akapeza timadontho ta mbali ziŵiri tofanana motembenuza, monga dzanja lamanja ndi lamanzere, amadziŵa kuti mzere wa pakati pake ndi kalilole, nabweza timadontho tonamato ku malo ake oona. Potero wonyenga uja amasanduka mthandizi, chifukwa amaonetsa ngodya zimene laser sikadazifika yokha.

Kwa mphunzitsi

Phunziroli silifuna loboti kuti limveke m'kalasi. Mphunzitsi atseke mazenera, akung'unthe fumbi la choko m'mlengalenga, naŵalitse tochi chopendeka pa kalilole, kuti ana aone njira yokhota ya kuŵala. Pambuyo pake ayese njirayo ndi chingwe kuchokera pa tochi kufika pa kalilole ndi kufika pakhoma, kenaka awongole chingwecho kupyola pamene panali kalilole. Nsonga yake idzagwa pamalo penipeni pamene loboti likadalemba khoma lonama. Mwana amene wagwira chingwecho ndi dzanja lake adzamvetsa kuti muyeso ukhoza kukhala wolondola, koma tanthauzo lake nkukhala lolakwa, ndi kuti mlandu sugamulidwa pa mboni imodzi.