Chifuwa Chikabanika, Maganizo Nawo Amabanika

Achinyamata anzanga, kumaphunziro athu a ulangizi ndinamva za kafukufuku wina wosawerenga manambala. Ofufuzawo amangokhala pansi n'kumvetsera nkhani za odwala. Odwala TB kapena mphumu ambiri amatchula mantha. Ukabanika usiku umati basi ndikufa, ndiye umapuma mwawefuwefu, kubanikako n'kukulirakulira. Wa TB amasalidwanso, anthu kumangoti "ameneyu ndi kachirombo basi." Zoona, HIV imafooketsa chitetezo cha m'thupi ndipo TB imalowa mosavuta, koma aliyense angathe kudwala TB.

Mnzathu wina wa mphumu kukalabu ndinamuphunzitsa izi: khala pansi, weramira kutsogolo pang'ono, kokera mpweya ndi mphuno, uutulutse pang'onopang'ono pakamwa ngati ukuuzira phala lotentha. Maganizo akathawira kunkhawa, abwezere pa mpweyawo, osadzikalipira ayi.

Komatu awa si mankhwala! Kubanika kukakula, thamangirani kuchipatala. Mukatsokomola masabata awiri, kayezetseni makhololo ndi magazi omwe. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo muyenera kumwa miyezi 6 osadukiza, ngakhale mutayamba kupeza bwino.