Nkhoswe ya M'nyumba ya Asidi

Munthu ali yense amene anakhalapo pafupi ndi ng'anjo zosungunulira miyala ya mkuwa adziwa utsi wotsamwitsa uja umene anthu a ku Mufulira aucha "senta". Utsi umenewu ucokera ku sulfure wa m'miyala, ndipo ukatsikira pa komboni, ndiwo za m'madimba zipserera, ana nayamba kutsokomola. Koma utsi womwewo ukagwidwa usanathawe, usandulika asidi, mankhwala aukali amene asungunula mkuwa m'miyala ina, monga ku Nchanga.

Kuti utsi usandulike asidi, uyenera kuyamba waphatikana ndi okosijeni, ndilo gawo la mpweya limene liyatsa moto. Ziwirizi zikasiyidwa pa zokha ziphatikana mocedwa kwambiri. Cifukwa cace pafunika cinthu cacitatu cimene anthu a sayansi acicha katalisiti. Amene anayamba kuchula nchito imeneyi ndi dzina ndiye Berzelius wa ku Sweden, m'caka ca 1835.

Katalisiti afanana ndi nkhoswe. Nkhoswe ilumikiza mabanja awiri, koma siyikwatira kapena kukwatiwa, ndipo ukwati ukatheka ibwerera kwao, yokonzeka kuimirira ukwati wina. M'nyumba ya asidi nkhosweyo ndiyo timibulu tokhala ndi mankhwala a vanadium, citsulo cimene kale cinali kukumbidwa ku Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe. Utsi upita pakati pa timibuluto pa kutentha kwa madigiri ngati 450. Vanadium apereka okosijeni wace kwa utsi, ndipo pomwepo atenga okosijeni wina ku mpweya, nabwerera monga analili. Cotero saonjezera kanthu mu asidi ndipo sathamo. Angotsegula njira yosabvuta, monga mpata pakati pa mapiri, kuti cimene cikadacedwa cicitike msanga.

Koma nkhoswe imeneyi ikhoza kuphedwa. Njira yopangira asidi motere inayamba ndi Peregrine Phillips wa ku Bristol m'caka ca 1831, ndipo iye anagwiritsa nchito platinum. Pambuyo pace kunaoneka kuti arsenic pang'ono wa m'utsi amata pa platinum namlepheretsa nchito. Vanadium apirira koposa, komabe pfumbi limtseka, ndico cifukwa cace utsi uyamba watsukidwa ndi kuumitsidwa usanafike pa timibulu.

Nzeru imeneyi si ya kumigodi kokha. Mai wokonza munkoyo aika mizu yosinja m'phala lolimba, ndipo posacedwa phala lisungunuka nilitsekemera, pakuti m'mizumo muli katalisiti amene aphwanya ufa kuti ukhale shuga. Cimera cicita comweco mu thobwa ndi mowa. Maiyo adziwa kuti phala likatentha koposa mizu igwa mphamvu, ndipo likazizira koposa nchito icedwa. Woyang'anira nyumba ya asidi naye asamalira kutentha usana ndi usiku, podziwa kuti akalekerera, utsi utuluka osagwidwa, nukagwera pa madenga a abale ace.